Mlandu wa ku Mbombwe Sunaole: Kalata Yotseguka kwa Kazembe wa Britain ku Malawi

Olemekezeka a Kazembe,

Kwathu kuno banja likalakwira banja linzake, olakwiridwa sathamangira kwa mwini mlandu. Amayamba akaonana ndi ankhoswe ake. Inu ndinu ankhoswe a boma la Britain m'dziko muno, n'chifukwa chake kalatayi ndaitula kwa inu ngakhale kuti eni ake nkhaniyi ali ku London. Ndikulemba kuchokera kwa Kadewere m'boma la Chiradzulu, boma limene muli Mbombwe, pamene John Chilembwe anamanga mishoni ya Providence Industrial Mission (PIM). Pempho langa ndi limodzi: boma lanu livomereze poyera, pamaso pa anthu a kuno, kuti thangata ndiponso chilango chimene chinagwera dera lino mu 1915 zinali zolakwa zake, ndipo lipepese.

Mawu akuti "pepani" m'chinenero chathu amagwira ntchito ziwiri, ndipo nkhani yonseyi yagona pa kusiyana kwa ntchito ziwirizo. Wodutsa m'njira akapeza maliro amapatuka, n'kukhala pansi, n'kuuza anamfedwa kuti pepani. Iye sanaphe munthu, akungogawana nawo chisoni. Koma palinso pepani wa munthu amene wagonja pa bwalo la milandu, amene amati "pepani, ndinalakwa ndine," n'kutchula chimene anachita, n'kufunsa chimene angabweze. Munthu wopalamula akabwera ndi pepani wa wodutsa m'njira, anamfedwa amamva ngati awanyoza kachiwiri, pakuti akudziika m'gulu la olira pamene malo ake ndi a woyankha mlandu. Boma la Britain lakhala likulankhula za mbiri ya utsamunda ndi pepani woyambayo. Limati likumva chisoni, limati zinali zomvetsa chisoni. Chimene ndikupempha ndi pepani wachiwiri.

Mlanduwu unayambira pa nthaka. Pakati pa 1892 ndi 1894, Harry Johnston, amene ankalamulira dziko lino m'dzina la Britain, anapereka kwa azungu zikalata zowatsimikizira umwini wa malo aakulu m'mapiri a Shire, malo amene ambiri mwa iwo ankati anagula kwa mafumu ndi nsalu, mikanda ndi mfuti. Ku Magomero, banja la Alexander Low Bruce, mkamwini wa David Livingstone, linatenga maekala oposa 150,000, malo ocheperapo pang'ono poyerekeza ndi boma lonse la Chiradzulu monga lilili lero. Zikalata zambiri zinali ndi mawu oletsa kusokoneza midzi ndi minda imene inalipo kale, koma mawuwo sankateteza Alomwe amene ankawoloka kuchokera ku Mozambique pothawa nkhanza za Apwitikizi ndi njala. Iwowa ankaloledwa kumanga nyumba pa esiteti pokhapokha avomere kulipira malowo ndi thukuta lawo. Dongosolo limenelo analitcha thangata. Taonani kuba kwake: kuthangata m'chinenero chathu ndi kuthandizana, monga mmene anthu amasonkhanira kukalima m'munda wa mnzawo kapena wa mfumu mwa kufuna kwawo. Eni maesiteti anatenga mawu a ubale n'kuwaveka pa ukapolo, mpaka lero Mmalawi akamva kuti thangata saganizanso za chithandizo. Pa mapepala, munthu ankayenera kugwira mwezi umodzi wa lendi ndi mwezi wina wa msonkho. Ku Magomero, pansi pa William Jervis Livingstone amene ankayang'anira esitetiyo, miyeziyo inkatalika chifukwa tsiku silinkalembedwa pa tikiti ngati munthu sanamalize ndime imene am'patsa. Ntchitoyo inkagwa m'nyengo ya dzinja, pamene munthu amafunika m'munda wake. Malipiro nthawi zina ankakhala fodya m'malo mwa ndalama, chikoti chinali pafupi, ndipo ngakhale amayi amasiye sankawasiya.

Mwina ku London adzayankha kuti zimenezo zinali zochita za kampani ya anthu wamba, osati boma. Yankho limenelo silingaime. Chikalata cha malo chinasainidwa ndi boma. Msonkho wa nyumba unaikidwa ndi boma, ndipo boma lomwelo linakonza kuti amene wagwirira mzungu ntchito mwezi wathunthu azilipira theka lokha la msonkhowo, kutanthauza kuti msonkho unali chingwe chokokera anthu ku maesiteti. Komanso boma linkadziwa zimene zinkachitika. Mu 1903 woweruza wake yemwe, Joseph Nunan, pa mlandu wokhudza kampani ya Blantyre and East Africa, anagamula kuti eni midzi amene anapezeka pa malowo sangakakamizidwe kulipira lendi, ndipo anadzudzula mapangano amene ankawasainitsa. Zinthu sizinasinthe. Anthu a Chilembwe ataukira mu 1915, komiti yofufuza imene boma linakhazikitsa, imene mamembala ake onse anali azungu, inamva umboni wa anthu monga Joseph Bismarck ndi Alexander Hetherwick wa mishoni ya Blantyre, ndipo mu lipoti lake la 1916 inavomereza kuti anthu ankazunzidwa pa esiteti ya Bruce ndi kuti woyang'anira esitetiyo, Livingstone, anali wankhanza. Mu 1917 kunabwera lamulo lofuna kuti lendi izilipiridwa ndi ndalama, koma eni maesiteti anaopseza kuti athamangitsa anthu pa malo awo, ndipo boma linabwerera m'mbuyo. Thangata linadzatha mwa lamulo mu 1962, patapita zaka 46 kuchokera pamene komiti ya boma lomwelo inaona kuipa kwake. Sindikupempha boma lanu kuti likhulupirire nthano za agogo athu. Ndikulipempha kuti liwerenge mapepala ake omwe.

Chilembwe sanayambe ndi mkondo. Anabadwira m'boma lino, anagwira ntchito kwa mmishonale Joseph Booth kuyambira 1892, anapita naye ku America mu 1897 n'kukaphunzira za ubusa ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia, ndipo atabwerako mu 1900 anayamba ntchito ya mpingo ndi sukulu ku Mbombwe. Pofika 1912 sukulu zake zinali ndi ana pafupifupi 1,000, ndipo mu 1913 tchalitchi chachikulu cha njerwa chinatha kumangidwa. Ankaphunzitsa ukhondo, kusoka, kulima, kudziletsa pa mowa, zinthu zonse zimene atsamunda ankanena kuti anabwera kudzatiphunzitsa. Koma eni esiteti ya Bruce sankafuna sukulu pa malo awo, ndipo matchalitchi a udzu amene anthu a PIM ankamanga m'midzi ya pa esitetiyo ankatenthedwa. Nkhondo ya pakati pa Britain ndi Germany itafika ku Karonga mu Sepitembala 1914 n'kupha asilikali achikuda, Chilembwe analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times mu Novembala chaka chomwecho, kufunsa chifukwa chimene amphawi opanda kanthu akufera nkhondo ya anthu olemera, n'kusiya akazi amasiye ndi ana amasiye amene adzafunidwebe msonkho. Boma linaletsa kalatayo kufalikira ndipo linayamba kukonza zomuchotsa m'dziko. Munthu amene anayesa sukulu, n'kuyesa guwa, n'kuyesa cholembera, anapeza makomo onse atatsekedwa ndi boma limene pambuyo pake linadabwa kuti n'chifukwa chiyani anthu atola mikondo.

Apa ndiyenera kuyankha funso lolemera kuposa onse, ndipo sindilizemba. Usiku wa pa 23 Januwale 1915 anthu a Chilembwe anapha William Jervis Livingstone m'nyumba mwake, mkazi wake ndi ana ake ali pomwepo, n'kumudula mutu, ndipo m'mawa mwake mutuwo unaonetsedwa ku Mbombwe pa tsiku la mapemphero. Anaphanso Duncan MacCormick ndi Robert Ferguson. Panafa Amalawi anzathu ena amene ankagwira ntchito kwa azungu. Patapita masiku ochepa mishoni ya Akatolika ku Nguludi inatenthedwa ndipo wansembe anavulazidwa kwambiri. Zimenezi zinachitikadi, zinali zoopsa, ndipo adzukulu a anthu ophedwawo ali ndi ufulu wolira abale awo monga ife tilili nawo. Ndikukhulupirira kuti tsiku limene Britain adzabwere kudzapepesa, mayina a akufa amenewanso adzayenera kutchulidwa ndi pakamwa pa Mmalawi. Koma kuvomereza zimenezi sikufafaniza mlandu wa boma lanu, pa zifukwa ziwiri. Choyamba, amene anapalamula za usiku umenewo analipira kale ndi miyoyo yawo, pamodzi ndi ambiri amene sanagwire mkondo, pamene amene anakonza ndi kuteteza thangata kwa zaka 70 sanaimepo pa bwalo lililonse. Mbali imodzi ya mlandu inaweruzidwa m'masabata ochepa, inayo mpaka lero. Chachiwiri, boma limene limadzitcha la malamulo limayesedwa ndi muyeso wa malamulo. Owukirawo anagwira akazi ndi ana a azungu, n'kuwabweza amoyo. Nanga boma linachita chiyani ndi akazi ndi ana a kuno?

Linatumiza asilikali ndi azungu odzipereka amene anayenda m'midzi akutentha nyumba ndi kulanda katundu, osasiyanitsa wowukira ndi wongokhala pafupi ndi mishoni. Anthu ena anaomberedwa akuthawa, ena atagwidwa kale, popanda mlandu kuzengedwa. Midzi inalipitsidwa chindapusa cha onse pamodzi. M'makhoti a changu amene anakhazikitsidwa pansi pa bwanamkubwa George Smith, amuna osachepera 36 anaweruzidwa n'kuphedwa, ena ponyongedwa ena poomberedwa, ndipo pafupifupi 300 anaponyedwa m'ndende, ambiri atakwapulidwa. Mwa ophedwawo munali John Gray Kufa, mkulu wa mpingo wa mishoni ya Blantyre amene anaphunzira za chipatala, ndi Duncan Njilima, wamalonda wodziwika. Mwana wa Njilima, Frederick, amene anali kunja kwa dziko, anadzalowa usilikali wa Britain n'kukamenya nkhondo ku France m'dzina la mfumu yomwe boma lake linapha bambo ake. Tchalitchi cha njerwa cha ku Mbombwe, chimene anthu osauka anachimanga ndi manja awo, asilikali anachiphulitsa ndi mabomba. Njerwa sizinaphe Livingstone. Kuphulitsa nyumba yopemphereramo kunali kuuza munthu wakuda aliyense kuti asadzayesenso kumanga chake. Mishoniyo inakhala yotsekedwa mpaka 1926, pamene Dr Daniel Sharpe Malikebu analoledwa kuitsegulanso, ndipo ana a m'dera lino anataya zaka 11 za sukulu zimene makolo awo anadzimangira.

Ndiye pali nkhani ya manda. Chilembwe anaomberedwa pa 3 Febuluwale 1915 cha ku Mulanje, akulowera ku malire a Mozambique, ndipo akuluakulu a boma anamuika mwachinsinsi, dala, kuti manda ake asadzakhale malo osonkhanapo anthu. Kwa inu mwina zimenezi zingaoneke zazing'ono poziyerekeza ndi imfa yeniyeniyo. Kwa Amang'anja, Alomwe ndi Ayao a kuno si zazing'ono. Maliro amene thupi silinaoneke, mbumba sinagone pa siwa, adzukulu sanakumbe manda, ndi maliro osatha. Anthu sameta, chiliza sichimangidwa, ndipo mtima sukhala pansi. N'chifukwa chake kwa zaka zambiri m'midzi ya kuno munkamveka kuti Chilembwe sanafe, anathawa ndipo adzabwera. Nkhope yake ili pa ndalama zathu, tsiku la 15 Januwale ndi tchuthi cha dziko lonse, koma dziko lilibe manda ovomerezeka pamene lingakagwade. Ndipo ngati zili choncho kwa mtsogoleri, nanga kwa amuna 36 aja, ndi ena ophedwa m'tchire amene mayina awo sanalembedwe n'komwe?

Adzanenanso kuti onse okhudzidwa anamwalira kalekale, ndipo Mngelezi wa lero sanalakwire aliyense. Ndikuvomera kuti mwana wa ku Manchester kapena ku Glasgow sanatenthe nyumba ya munthu ku Chiradzulu, ndipo sindikumuimba mlandu. Koma boma si munthu amene amafa. Boma la Britain limasunga mapangano amene linasaina zaka mazana apitawo, ndipo limabweza ngongole zakale: mu 2015 linamaliza kubweza ngongole zimene zina mwa izo zinachokera ku ndalama zimene linakongola mu 1835 polipira eni akapolo, osati akapolowo, ukapolo utathetsedwa. Boma limene limakumbukira ngongole ya ndalama kwa zaka 180 silinganene kuti ngongole ya magazi inatha ntchito. Akuluakulu athu amati mlandu suola, ndipo machitidwe a dziko lanu lomwe akuvomereza zimenezo. Mu 2006 nyumba ya malamulo ya Britain inakhululukira asilikali 306 a nkhondo yoyamba ya dziko lonse amene anaomberedwa powaganizira mantha kapena kuthawa nkhondo, onse atamwalira zaka pafupifupi 90 m'mbuyomo. Mu Epulo 2021 nduna ya chitetezo, Ben Wallace, inapepesa m'nyumba ya malamulo lipoti litaonetsa kuti anthu osachepera 116,000 amene anafera Britain pa nkhondo yomweyo, ambiri a iwo a ku Africa, sanalembedwe mayina pa zipilala monga anachitira ndi azungu. Ena mwa iwo ndi amtengatenga a dziko lino, pakuti amuna pafupifupi 200,000 a Nyasaland anasenzetsedwa katundu wa nkhondo imeneyo. Choncho boma lanu linapepesa kale chifukwa chosalemba mayina a anthu amene Chilembwe anachenjeza kuti adzafa pachabe, koma silinanenepo kanthu kwa iye amene anachenjezayo.

Chitsanzo chimene chimandikhudza kwambiri ndi cha ku New Zealand. Mu 1863 asilikali a Britain analowa m'dziko la Amaori a ku Waikato, n'kuwatcha owukira, n'kuwalanda maekala oposa miliyoni imodzi. Mu Novembala 1995, patapita zaka 132, Mfumukazi Elizabeth inasaina ndi dzanja lake lamulo lokhala ndi mawu opepesa, lovomereza kuti nkhondoyo inali yolakwika ndi kuti kuwatcha anthuwo owukira kunali kupanda chilungamo. Ndikudziwa kuti inasaina monga mfumukazi ya New Zealand, ndi kuti Amaori ndi nzika zovota m'dzikolo pamene ife sitivota ku Britain. Koma kusiyana kumeneko kukungoonetsa poyera chimene chikuchitika: kupepesa kumaperekedwa kwa amene ali ndi mphamvu zokakamiza, osati kwa amene analakwiridwa. Australia anapepesa kwa eni nthaka ake pa 13 Febuluwale 2008, Canada pa 11 Juni chaka chomwecho. Ifenso ndife eni nthaka amene analandidwa malo ndi ufumu womwewo, kungoti atsamunda atachoka anatisiyira zotsatira zake n'kuwoloka nyanja.

Ku Kenya, kumene okalamba amene anazunzidwa pa nthawi ya Mau Mau anakasuma ku khoti la ku London, boma lanu mu Juni 2013 linapereka mapaundi 19.9 miliyoni, kuphatikizapo ndalama zoyendetsera mlandu, pa madandaulo a anthu 5,228, koma nduna yake, William Hague, inalankhula za chisoni chokha ndipo inakana kuti boma lili ndi mlandu. Mfumu Charles itapita kumeneko mu Okutobala 2023 inadzudzula nkhanzazo ndi mawu amphamvu, koma osafika popepesa. Sabata yomweyo, pa 1 Novembala, mtsogoleri wa Germany, Frank-Walter Steinmeier, anaima ku Songea m'dziko la Tanzania pamaso pa adzukulu a mfumu ya Angoni, Songea Mbano, imene Ajeremani anainyonga mu 1906 pa nkhondo ya Maji Maji, n'kupempha chikhululukiro, n'kulonjeza kufunafuna chigaza cha mfumuyo. Dziko la Germany silinagwe chifukwa cha mawu amenewo. Ndikudziwa chimene aloya a boma lanu amaopa: kuti mukavomera kulakwa pamodzi, milandu ya chipukuta misozi idzasefukira kuchokera m'maiko onse amene munalamulira. Koma taganizani chimene mantha amenewo akunena. Akunena kuti olakwiridwa ndi ochuluka kwambiri moti simungayambe n'komwe. Pa bwalo la mfumu, munthu amene wadyetsa ng'ombe zake m'minda khumi sangamasulidwe ponena kuti akalipira munda umodzi eni minda inayo adzabweranso.

Palinso amene adzatikumbutse za thandizo limene Britain wakhala akupereka ku Malawi kuyambira 1964, m'zipatala, m'sukulu ndi pa nthawi ya njala. Thandizolo ndi lenileni ndipo lapulumutsa miyoyo. Sindikulinyoza. Koma mphatso ndi chindapusa ndi zinthu ziwiri zosiyana, ngakhale zonse zitakhala mbuzi. Mphatso imachokera m'manja mwa wachifundo, amene angathe kuichepetsa chaka chimene wafuna, monga boma lanu linachitira mu 2021 podula ndalama zothandizira maiko ena, ndipo wolandira amayenera kuthokoza. Chindapusa chimachokera m'manja mwa wovomera kulakwa, ndipo chimaimika anthu awiriwo pa msinkhu umodzi. Zaka zoposa 60 za mphatso sizinasinthe mmene mbiri ya boma lanu imamutchulira Chilembwe ndi anzake, kuti anali opandukira mfumu. Ndiponso kwa amene amati kupepesa sikudzaza mimba, ndingoti: Chiradzulu lero lili ndi anthu oposa 350,000 ndipo ndi limodzi mwa maboma othinana kwambiri m'dziko muno, kumene mabanja ambiri amalima kamunda kosakwanira chakudya cha chaka. Sindikunena kuti zonsezi anachititsa ndi Johnston ndi Bruce. Kuchuluka kwa anthu ndi ndondomeko za maboma athu zili ndi gawo lake lalikulu. Koma amene akufuna kumvetsa chifukwa chimene anthu anaunjikana chotere m'mapiri a Shire sangalumphe zikalata za 1892, ndipo kukambirana koona za nthaka kumayamba pamene mbali zonse zavomera mmene nkhani inayambira.

Pali chitsutso china chimene chimachokera kwa Amalawi anzanga, ndipo chimaluma chifukwa ndi choona. Iwo amati: tikuloza chala ku London bwanji pamene manja athu ali ndi zawo? Amene anaombera Chilembwe anali apolisi achikuda. Akapitawo amene ankakwapula anthu pa esiteti anali anthu a m'midzi yomweyi. Titalandira ufulu, maboma athu anatsegula maesiteti atsopano, ndipo matenanti a m'minda ya fodya anakhala m'moyo wofanana kwambiri ndi thangata mpaka lamulo linaletsa mchitidwewo mu 2021. Ulamuliro wa chipani chimodzi unatsekera anthu popanda kuwazenga milandu, ndipo mu 1983 nduna zitatu ndi phungu mmodzi anaphedwa ku Mwanza. Dr Banda anapepesa mu Januwale 1996, koma kunali kupepesa kwa "ngati," kosatchula wolakwa kapena cholakwa. Bwalo lopereka chipukuta misozi limene malamulo a 1994 anakhazikitsa linatsekedwa anthu ambiri asanalandire kanthu, monga ofesi ya Ombudsman inaonetsera mu 2017. Zonsezi ndi milandu yathu, ndipo kalata zake ziyenera kupita ku Capital Hill. Koma mlandu wa mwana sufafaniza wa bambo. Ndipo wapolisi wachikuda amene anakoka mfuti anavala yunifolomu ya ndani, analandira lamulo kwa ndani? Dongosolo limene limapatsa munthu wosauka chikoti kuti akwapule mbale wake kuti iye apulumuke likuwonjezera pa mlandu wa amene analikonza.

Kupepesa kumeneku kukadzachitika, kusadzakhale kwa maboma awiri okha m'chipinda cha ku Lilongwe. Germany anaphunzira zimenezi ku Namibia: mu Meyi 2021 anavomera kuti zimene anachita kwa Aherero ndi Anama pakati pa 1904 ndi 1908 kunali kufuna kutha mtundu, n'kulonjeza mayuro 1.1 biliyoni pa zaka 30, koma mafumu ambiri a mitundu imeneyo anakana panganolo chifukwa linakambidwa pamwamba pa mitu yawo. Chipepeso chimapita ku nyumba ya maliro. Eni maliro a 1915 alipo: mpingo wa PIM, mbumba za anthu amene anaphedwa ndi kumangidwa, midzi ya ku Magomero imene inalima thonje ndi fodya wa Bruce, ndi mafumu a m'boma lino. Ayambe afunsidwa iwowa chimene angachilandire monga kupepesa. Ine ndikuona kuti zina sizifuna ndalama zambiri n'komwe. Makalata a pakati pa boma la atsamunda ku Zomba ndi London a nthawi imeneyo ali ku nyumba yosungira mbiri ya boma lanu ku Kew, kumene mlimi wa kwa Kadewere sadzafikako. Katswiri wa mbiri John McCracken anasindikiza umboni wa komiti yofufuza ija mu 2015, koma m'Chingelezi ndiponso m'buku limene sukulu zathu sizingakwanitse kugula. Mapepala onse okhudza 1915 ajambulidwe, aperekedwe ku nyumba yosungira mbiri ya dziko lino ku Zomba ndi ku PIM, ndipo amasuliridwe m'Chichewa, m'Chilomwe ndi m'Chiyao. Akatswiri a mbiri a maiko awiriwa apatsidwe mpata ndi zipangizo zofufuzira pamene Chilembwe ndi anzake anaikidwa, kuti mbumba zawo zisankhe zochita ndi mafupawo. Ndipo chigamulo chowatcha opandukira mfumu chiunikidwenso, monga munachitira ndi asilikali anu 306. Za chipukuta misozi, kaya chikhale sukulu, kaya malo, kaya china, anene ndi eni maliro mawu opepesa aja atamveka. Anthu a ku Nkhata Bay, amene abale awo anaomberedwa pa doko pa 3 Malichi 1959, ali ndi mlandu wawo umene akhala akuutula kwa inu, ndipo sindikuwalankhulira. Ndingoti khomo limene mungatsegulire Mbombwe lisadzatsekedwe kwa iwo.

Kuyambira mu Sepitembala 2022, kwa zaka pafupifupi ziwiri, chiboliboli cha Chilembwe chimene anaumba Samson Kambalu chinaima pa Trafalgar Square pakati pa London, atavala chipewa chake pambali pa mmishonale John Chorley, monga analili pa chithunzi cha 1914, nthawi imene munthu wakuda ankayenera kuvula chipewa akakumana ndi mzungu. Anthu a mumzinda wanu waukulu anamuona, ambiri anafunsa kuti ndi ndani, ndipo anamva nkhani yake. Ngati London inatha kumupatsa malo pakati pa akazembe ake a nkhondo, boma la Britain lingathe kutumiza nthumwi yake kumene anachokera. Pa 15 Januwale chaka chilichonse anthu amasonkhana ku PIM pa mapemphero okumbukira, pafupi ndi pamene panali tchalitchi chimene asilikali anu anaphulitsa. Tengerani kalatayi kwa nduna yanu yoona za maiko akunja, ndipo mupemphe chilolezo chodzaima pamenepo ndi pepala la mayina a anthu amene anaphedwa, kuti mudzawawerenge limodzi ndi limodzi, kenako n'kunena m'dzina la boma lanu kuti munalakwa.

Ine wanu mwaulemu,

Mwana wa kwa Kadewere,
Chiradzulu